Kudzutsa hatchi yomwe yatha ndi njala

Hatchi yotayidwa imadziwikira patali. Nthiti mumaziwerenga muli kunja kwa mpanda, mafupa a m'chiuno ali njo, mutu uli zyoli, ubweya uli nyankhalala, ziboda zitatalika mpaka kupindikira m'mwamba. Munthu wamtima akaiona, choyamba kumubwerera m'mutu n'kuthamangira thumba la madeya. Kabuku kano kalembedwa kuti dzanja limenelo liime lisanapise m'thumbamo. Alipo mahatchi opulumutsidwa amene amafa sabata yoyamba, ali kale m'manja abwino, ndipo chowapha chimakhala chakudya chomwe apatsidwa mwachikondi.

Kuno ku Malawi mahatchi ndi owerengeka, koma abale athu ambiri amene ali ku South Africa amadyera ntchito ya m'makola a mahatchi: kusesa, kudyetsa, kupesa, kulondera usiku. Kumeneko aliko mabungwe olandira mahatchi olandidwa kwa eni ankhanza. Ku Cape Town, bungwe la Cart Horse Protection Association lakhala likusamalira mahatchi okoka ngolo za zitsulo zakutha m'madera a Cape Flats kuyambira mu 1995, ndipo ku Meyerton, kummwera kwa Johannesburg, kuli Highveld Horse Care Unit. Kwathu kuno chiweto chimene chimakumana ndi zoterezi ndi bulu wa pangolo wa ku Dedza, Ntcheu kapena Lilongwe. Zambiri zomwe zalembedwa muno zikukhudzanso iye, ndipo pamene asiyana ndi hatchi tanena.

Tsiku lofika

Khola likhale lokonzeka hatchi isanatsike m'galimoto. Likhale lapayokha, patali ndi mahatchi ena koma poti izitha kuwaona, chifukwa hatchi yosaona inzake simakhazikika. Ikhale m'menemo masiku 21. Mlendoyu atha kubwera ndi zipere, nsabwe, kapena chimfine choopsa chomwe madokotala amati strangles, chotupitsa mwanabele wa pansi pa nsagwada mpaka kuphulika mafinya. Ndowa, bulashi ndi chingwe zikhale zakezake. Muziyamba kusamalira mahatchi ena, iyo muzithera, kenako musambe m'manja ndi sopo.

Pansi yalani utuchi wambiri, wokuya kupitirira m'kakolo mwanu. Nyama yopanda mnofu ikagona pasimenti, mafupa amaboola chikopa m'masiku ochepa. Musayale udzu wouma kapena mapesi, chifukwa yanjalayo idzadya mphasa yake yonse usiku umodzi, muyeso wanu wa chakudya n'kusokonekera pomwepo.

Madzi ndiye oyamba. Tsinani chikopa cha pakhosi n'kuchisiya: chikabwerera nthawi yomweyo, madzi m'thupi alimo, chikakhala kaye chili chiimire, yauma. Yotereyi ipatseni malita 2 kapena 3, mudikire theka la ola, muipatsenso, mpaka ludzu litachepa. Ikasiya kumwa mwaphuma, isiyireni ndowa yodzaza usana ndi usiku. Hatchi yaikulu imamwa malita 20 mpaka 40 patsiku, ndipo kukatentha imapitirira apo.

Itanani dokotala wa ziweto tsiku lomwelo, osati mawa. Podikira, ijambuleni ndi foni kutsogolo, kumbuyo ndi mbali zonse ziwiri, komanso bala lililonse ndi chiboda chilichonse. Zithunzizi zidzakuonetsani ngati ikusintha, poti maso a munthu woiona tsiku ndi tsiku amazolowera, ndipo nkhani ikapita kukhoti zimakhala umboni. Gulani kope la hatchi yokhayo. Muzilembamo chomwe yadya ndi nthawi yake, madzi omwe yamwa, milu ya ndowe yomwe mwawola, ndi miyeso itatu iyi m'mawa ndi madzulo. Kutentha kwa thupi, koyezera kumalo otulukira ndowe mutaima pambali pa ntchafu, kuzikhala pakati pa 37.5 ndi 38.5. Mtima umagunda ka 28 mpaka ka 44 pamphindi, ndipo mtsempha wake mumaumva ndi zala m'mphepete mwa nsagwada yam'munsi. Kupuma, komwe mumawerenga poyang'ana m'nthiti, ndi ka 8 mpaka ka 16 pamphindi. Kwezaninso mlomo muone usinini: wabwino ndi wofiirira pang'ono komanso wonyowa, ndipo mukaudina ndi chala mtundu umabwerera masekondi awiri asanathe. Wotuwa, wachikasu kapena wofiira kwambiri ndi woti dokotala amve msanga.

Osamalira mahatchi amayeza kunenepa ndi manambala 1 mpaka 9, njira yomwe Don Henneke wa ku Texas A&M University anaifalitsa mu 1983. Amapapasa malo asanu ndi limodzi: khosi, pamwamba pa mapewa, kuseri kwa phewa, nthiti, msana ndi patsinde pa mchira. Nambala 5 ndiye thupi labwino, nthiti zosaoneka koma zomveka mukapapasa. Pa 3 nthiti zimaoneka bwinobwino. Pa 1 ndi 2 mafuta palibe kapena ndi ochepa kwambiri, fupa lililonse la msana lili poyera. Hatchi ya pa 1 kapena 2 ndiyo tikunena m'gawo lotsatirali. Papasani ndi manja, musadalire maso, poti ubweya wautali ndi mimba yotupa ndi njoka zimanamiza.

Sikelo ya hatchi ndi yosowa, koma tepi ya telala ikwanira. Yezani masentimita kuzungulira chifuwa, kuseri kwenikweni kwa miyendo yakutsogolo. Yezaninso kutalika kuchokera pansonga ya phewa mpaka pansonga ya thako. Nambala ya chifuwa muichulukitse ndi iyo yomwe, muchulukitsenso ndi kutalika, kenako mugawe ndi 11,880. Chifuwa cha masentimita 160 ndi kutalika kwa 150 zikupatsani makilogalamu pafupifupi 323. Muyeso umenewu ndi womwe dokotala adzawerengerepo mankhwala.

Chakudya: masiku khumi oyamba

Apa ndi pomwe pagona moyo wa hatchiyi, choncho tiyeni timvetse chomwe chimachitika m'kati. Njala ikatalika, thupi limayamba kudya mafuta ake. Akatha limadya mnofu, ndipo silisankha: mnofu wa mtima nawo umaphwa. Matumbo amapyapyala, tizilombo tabwino togaya udzu m'matumbo aakulu timachepa. Michere ina ya m'thupi, makamaka fosifolasi, potaziyamu ndi maginiziyamu, imatsala yochepa kwambiri, ngakhale kuti m'magazi imaoneka ngati ilipo.

Tsono muipatse madeya, chimanga kapena chakudya cha m'matumba chothira manyuchi. Shuga amakwera m'magazi mwadzidzidzi, thupi limatulutsa insulini wambiri, ndipo insuliniyo amakankhira shuga m'minofu pamodzi ndi michere yochepa ija. Magazi amatsala opanda fosifolasi wokwanira kuyendetsa mtima ndi minofu yopumira. Tsiku loyamba ndi lachiwiri hatchi imaoneka yosangalala, aliyense n'kumati yapulumuka. Pakati pa tsiku lachitatu ndi lachisanu imafooka, kunjenjemera, kugwa, osadzukanso. Amayi amene anagonapo ndi mwana wotupikana kuchipatala cha ana onyentchera akudziwa kuti anamwino sayamba ndi chiponde kapena phala lolimba. Amayamba ndi mkaka wopepuka wa F-75, pang'ono pang'ono, usana ndi usiku, mpaka thupi litakonzeka. Chifukwa chake n'chimodzimodzi.

Mu 1998 Christine Witham ndi Carolyn Stull a ku University of California ku Davis anafalitsa zomwe anapeza atayesa zakudya zitatu pa mahatchi onyentchera. Chomwe chinachita bwino ndi lucerne wouma, chomera chodyetsa ziweto, chifukwa alibe sitalichi wambiri koma ali ndi zomanga thupi ndi michere yomwe yasowa ija. Ndondomeko yochokera pa kafukufukuyu ndi yomwe malo ambiri opulumutsira mahatchi amatsata, ndipo kwa hatchi yaikulu imayenda motere.

Tsiku 1 mpaka 3: theka la kilogalamu la lucerne wouma wamasamba ambiri, maola anayi alionse. Ndiye kuti 6 koloko m'mawa, 10 koloko, 2 koloko masana, 6 koloko madzulo, 10 koloko usiku ndi 2 koloko m'bandakucha. Zonse pamodzi ndi makilogalamu pafupifupi 3 patsiku.

Tsiku 4 mpaka 10: muziwonjezera pang'ono pa mlingo uliwonse uku mukuchepetsa maulendo, kuti pofika tsiku 6 izidya makilogalamu pafupifupi 2 maola 8 alionse, makilogalamu 6 patsiku.

Kuyambira tsiku 10: idye lucerne ndi udzu wouma mmene ingathere.

Theka la kilogalamu n'lochepa zedi mukaliika pamaso pa nyama yaikulu chonchi. Idzalimaliza m'mphindi zochepa n'kumakuyang'anani, kulira, kupalasa pansi. Pamenepa ndi pomwe anthu amagonja. Alendo amaponya karoti ndi buledi, mlonda wausiku amamva chisoni n'kuwonjezera mtolo. Gulani kasikelo kakoloweka ka pamsika, muyeze milingo yonse isanu ndi umodzi m'mawa, uliwonse m'thumba lake mutalembapo nthawi. Pachitseko pakhale chikwangwani choletsa aliyense kudyetsa, ndipo mlondayo mumufotokozere chifukwa chake monga tafotokozera pamwambapa. Munthu akamvetsa za mtima wophwa uja sawonjezeranso, koma lamulo lopanda chifukwa amaliphwanya 2 koloko usiku.

Kumene lucerne sapezeka, gwiritsani ntchito udzu wouma wabwino, monga Rhodes yemwe alimi a ng'ombe zamkaka amasunga, wosakaniza ndi masangwi a mtedza ouma bwino, pa milingo yomweyo. Masangwiwo muwakutumule dothi lichoke, chifukwa mchenga umaunjikana m'matumbo, ndipo aliwonse onunkha chuku muwataye. Dokotala akapeza kuti chiwindi kapena impso zawonongeka atha kukuuzani kuti musiye lucerne mugwiritse udzu wokha. Mverani iye. Ngati mano ali oipa moti siikutha kutafuna, dulani udzuwo tizidutswa n'kuunyika m'madzi.

Msipu wauwisi udikire mpaka patatha sabata ziwiri, ndipo muyambe ndi mphindi 15 muli chigwirire chingwe, n'kumawonjezera pang'ono masiku angapo alionse. Mchere wonyambita uikidwe masiku khumi aja akatha. Chakudya cha m'matumba chogulira mahatchi chidikire kufikira dokotala atavomera, ndipo chiyambe ndi kodzaza dzanja. Mahatchi ambiri amabwerera m'thupi ndi udzu wabwino wokha.

Zomwe zisafike pakamwa pake

Hatchi si ng'ombe yopanda nyanga. Ili ndi chifu chimodzi chaching'ono, cha malita 8 mpaka 15, siibzikula ndipo siingathe kusanza. Chomwe chalowa chalowa. Zakudya zina zomwe ng'ombe ndi nkhuku zimanenepa nazo, iyo zimaipha.

Chakudya cha nkhuku ndi china cha ng'ombe chimakhala ndi mankhwala otchedwa monensin, omwe ngakhale ochepa amawononga mtima wa hatchi. Chimanga chowola kapena madeya achuku zimakhala ndi poizoni wa fumonisin amene amafewetsa ubongo: hatchi imayenda mozungulira, kuchita khungu, kutsamira khoma ndi mutu, ndipo mankhwala ake palibe. Madeya abwinobwino nawo, akakhala chakudya cha tsiku ndi tsiku, ali ndi fosifolasi wochuluka koma kashiamu wochepa, moti pakapita miyezi mafupa amafewa, nkhope n'kutupa. Lukina, yemwe alangizi amalimbikitsa kwa ng'ombe ndi mbuzi, amathothola mchira ndi ubweya wa pakhosi pa hatchi ndipo amawononga ziboda. Nsatsi, masamba a mapeyala, makoko auwisi a chinangwa ndi mapira ophukira pachitsa zonse n'zoopsa. Udzu wometedwa ndi makina pakapinga umasasa ukaunjikidwa, musaupereke. Yendaninso m'bwalo lonse mutole majumbo ndi zingwe za mabelo, chifukwa nyama yomwe inazolowera kufwamba kudzala imameza chilichonse.

Kupotokola m'mimba mukuzindikire msanga. Hatchi imasiya kudya, kupalasa pansi, kucheukira m'mimba mwake, kugona n'kudzuka, kugubuduzika, kutuluka thukuta, ndipo ndowe imachepa kapena kusiyiratu. Chotsani chakudya, siyani madzi, imbirani dokotala. Musaithire mafuta ophikira, mowa kapena mankhwala azitsamba kukamwa ndi botolo mutaikweza mutu. Zimalowera m'mapapo, ndipo chibayo chake chimapha kuposa m'mimba momwe mumafuna kuchiza. Kukhudzanso ziboda tsiku lililonse n'kofunika: zikatentha, hatchi n'kumaima motsamira kumbuyo ngati ikuopa kuponda ndi miyendo yakutsogolo, ndiye kuti mkati mwa ziboda mwatupa, matenda omwe kawirikawiri amadza ndi chakudya chochuluka mphamvu.

Ikagona n'kulephera kudzuka

Hatchi yathanzi imagona pansi kanthawi kochepa n'kudzuka yokha. Yofooka ikakhalitsa pansi, kulemera kwake kumapsinja mapapo ndi minofu ya mbali yomwe yagonera. Ikhazikeni chogona pachifuwa, miyendo itapindidwa, muitchinjirize ndi matumba a utuchi. Muziitembenuza maola awiri kapena atatu alionse, anthu atatu kapena anayi, zingwe zofewa zili kumiyendo, wina atagwira mutu. Musaikoke ndi mchira wokha kapena kuikwapula kuti idzuke; ikanakhala ndi mphamvu ikanadzuka kale. Malo ena ali ndi malamba otambalala oimikira hatchi pa denga lolimba, koma ntchito imeneyo ndi yochita dokotala ali pomwepo. Usiku wozizira muifunditse bulangete, chifukwa ilibe mafuta osunga kutentha.

Tinene zoona pano. Hatchi yomwe yataya theka la kulemera kwake, kapena yomwe yatha masiku atatu ili pansi osatha kuima ngakhale mukuithandiza, kawirikawiri siichira. Dokotala akanena kuti njira yachifundo ndi jakisoni woigoneka osadzukanso, sikuti mwalephera. Kuisiya ikuzunzika sabata yina chifukwa mtima wanu sukufuna kulola, kumeneko ndiye kuilakwira.

Njoka za m'mimba, nkhupakupa ndi dipi

Hatchi yotayidwa nthawi zambiri imakhala ndi njoka zambiri m'mimba, ndipo mtima umafuna kuimwetsa mankhwala tsiku lofika. Dikirani. Njoka zochuluka zikafa nthawi imodzi m'matumbo ofooka zimatha kutseka njira kapena kuyambitsa kutsegula m'mimba koopsa. Tengani ndowe yatsopano m'kapepala ka pulasitiki, dokotala akaiyeze aone mazira, ndipo iye asankhe mankhwala ndi tsiku hatchi itayamba kudya bwino. Mlingo utsate kulemera komwe munayeza ndi tepi, osati kungoganizira. Mankhwala a moxidectin sayenera kupatsidwa kwa nyama yowonda kwambiri: amasungika m'mafuta a thupi, ndipo mafutawo akasowa amachuluka m'magazi n'kufika kuubongo. Kuwola ndowe m'bwalo kawiri pasabata kumachepetsa njoka kuposa mmene ambiri amaganizira.

Nkhupakupa muzifufuze pansi pa mchira, m'makutu, pakati pa ntchafu ndi m'munsi mwa ubweya wa pakhosi. Zimafalitsa matenda ophwanya magazi omwe ku South Africa amati biliary: thupi limatentha, usinini umachita chikasu, mkodzo umada. Koma chenjerani ndi dipi. Dipi aliyense wokhala ndi amitraz, yemwe ndi wofala pa ng'ombe, amaumitsa matumbo a hatchi ndi bulu moti zimafa ndi kudzimbidwa. Werengani chizindikiro cha pabotolo musanathire. Ngati sipanalembedwe kuti ndi woyenera mahatchi, botolo limenelo libwerere pashelefu.

Mano, ziboda, zilonda

Mano a hatchi amatuluka pafupifupi moyo wake wonse, mamilimita 2 kapena 3 pachaka, ndipo akamaperepeseka amasiya nsonga zakuthwa zocheka masaya ndi lilime. Mukaona timibulu ta udzu wotafunidwa theka titagwa pansi, kapena udzu wautali m'ndowe, mano ndiwo avuta, ndipo mwina ndiwo anayambitsa kuwonda konseko. Dokotala amawapala ndi tupa wake. Nthawi zambiri amadikira kaye kuti hatchi ilimbe, poti ntchitoyi imafuna jakisoni woziziritsa thupi.

Ziboda zopindika sizikonzedwa tsiku limodzi. Chiboda chimakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi kapena kucheperapo, ndipo kuti chatsopano chitsike kuchokera pamwamba mpaka pansi pamapita miyezi 9 mpaka 12. Mitsempha ya mwendo inazolowera kaimidwe kolakwikako, choncho wodula ziboda amachotsa pang'ono, n'kubweranso patatha sabata zingapo. Zikawongoka, azibwera sabata 6 mpaka 8 zilizonse. Chikwanje ndi sowo zisayandikire. Ntchito yanu ndi kutokosa pansi pa chiboda tsiku lililonse, kuchotsa ndowe ndi timiyala. Mukapeza zakuda zonunkha m'ming'alu ya pakati, ndiye kuti chikuwola chifukwa choima ponyowa. Tsukani, umitsani, ndipo khola likhale louma.

Zilonda za chishalo, zingwe ndi zikwapu muzitsuke ndi madzi owiritsa ozizira, theka la lita mutasungunulamo supuni yaing'ono imodzi ya mchere, kawiri patsiku. Metani ubweya m'mphepete, tetezani ku ntchentche kuti mphutsi zisalowe. Oyilo wakutha wa galimoto, asidi wa batire, phulusa ndi ndowe zimapsereza mnofu womwe ukufuna kumera, ndipo ndowe ndi dothi ndi momwe mumakhala kafumbata. Hatchi imagwidwa kafumbata mosavuta kuposa ziweto zina zonse zapakhomo. Yobwera ndi bala lakuya, mbiri ya katemera wake yosadziwika, ifunika jakisoni woteteza tsiku lomwelo.

Akatemera ena amadikira kuti thupi lilimbe, ndipo dokotala adzakonza masiku ake: kafumbata, chiwewe, chimfine, ndi African horse sickness. Matenda otsirizawa amapha mahatchi ambiri mwa omwe awagwira. Amafala ndi tizilombo touluka tochepa kuposa udzudzu, toluma dzuwa likamalowa mpaka m'mawa, makamaka mvula ikagwa. Ku South Africa katemera wake wa ku Onderstepoort amabayidwa pakati pa 1 Juni ndi 31 Okutobala, nyengo yomwe tizilomboto tachepa. Hatchi yanu isanatemeredwe, izilowa m'khola maola awiri dzuwa lisanalowe, izituluka maola awiri litatuluka, ndipo isamadye kudambo.

Mantha

Thupi limachira msanga kuposa mtima. Poyamba hatchi yofooka imaoneka yofatsa, mwana aliyense n'kumaisisita. Kufatsa kumeneko nthawi zina ndi kusowa mphamvu chabe. Ikayamba kukhuta, khalidwe lake lenileni limatuluka pamodzi ndi zonse zomwe inakumana nazo: ina imaluma pa nthawi ya chakudya, ina imathawira pakona mukangonyamula tsache. Musadabwe, ndipo musaibwezere. Yomwe inamenyedwa ikamenyedwanso imangotsimikiza kuti anthu onse ndi amodzi.

Maso a hatchi ali m'mbali mwa mutu, moti siiona kumbuyo kwake kwenikweni ndi patsogolo penipeni pa mphumi. Muziifikira chakuphewa, mukuyankhula motsitsa mawu kuti idziwe pomwe muli. Dzanja liyambire paphewa kapena pakhosi, osati kumaso. Yang'anani makutu: akagonera kumbuyo, mphuno zitakwinyika, mchira ukukwapula, bwererani phazi limodzi mudikire. Ikatsitsa mutu, kupumira m'mwamba, kunyambita milomo, yamasuka. Masiku oyamba ndi bwino kungokhala chete pampando kunja kwa chitseko mukuchita zanu, kuti ione munthu amene sakufuna kanthu kwa iyo. Osamalira akhale omwewomwewo, mmodzi kapena awiri, ndipo nthawi ya chakudya isasinthe. Ana asalowe m'khola okha.

Yoteteza chakudya muiikire mlingo wake musanailowetse, kapena muperekere kunja kwa chitseko, n'kuisiya idye mwamtendere. Ikadzaona kwa sabata zingapo kuti chakudya chimabwera nthawi yake ndipo palibe wolanda, ukali umachepa wokha. Masiku 21 akatha, dokotala atavomera, iyambe kudziwana ndi hatchi imodzi yofatsa, mpanda uli pakati, musanaziphatikize. Mukaiponya m'gulu ili yofooka, anzake adzaithamangitsa pachakudya.

Ngati ndi bulu

Bulu amabisa ululu. Hatchi yodwala m'mimba imagubuduzika, koma bulu amangoima chete, makutu ali pansi, akutola udzu osameza. Bulu wosiya kudya ndi ngozi ya tsiku lomwelo, chifukwa thupi lake limakhuthulira mafuta m'magazi mpaka chiwindi kulephera. Kutentha kwa thupi lake n'kotsikirapo, pafupifupi 37, ndipo mtima umagunda mofulumirirapo kuposa wa hatchi. Milingo ya chakudya ija inali ya hatchi yaikulu. Bulu wathu wamba ayambe ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo pakhale udzu wambiri kuposa masangwi, poti iye sachedwa kulemedwa ndi chakudya champhamvu. Ubweya wake umalowa madzi, choncho denga n'lofunika m'dzinja. Abulu amakondana awiriawiri, ndipo wosiyanitsidwa ndi mnzake atha kusiya kudya. Ngati n'kotheka, pulumutsani onse awiri. Zilonda za pakhosi zomwe timaziona pa abulu a pangolo zimachokera ku goli la ng'ombe. Bulu alibe linunda, amakoka ndi chifuwa, ndipo akachira afunika lamba wotambalala wa pachifuwa, apo ayi bala lidzatsegukanso. Ku Lilongwe a bungwe losamalira nyama la LSPCA amathandiza eni abulu, ndipo m'maboma mlangizi wa ziweto wa dera lanu ndiye woyamba kumuitana.

Miyezi yotsatira

Hatchi yomwe inafika pa nambala 1 kapena 2 imatenga miyezi 3 mpaka 5 kuti ibwerere m'thupi. Muziyeza ndi tepi ndi kujambula sabata iliyonse, tsiku lomwelo, munthu yemweyo. Mimba ndiyo imayamba kudzaza, nthiti zimatsatira, msana ndi matako zimabwera pomaliza chifukwa zimafuna kuyenda. Ikamadya bwino koma tepi osasuntha kwa mwezi, dokotala aonenso mano, ndowe ndi magazi. Yaikazi iyezedwe ngati ili ndi bere, poti yowonda imatha kubisa mwana mpaka mochedwa.

Kuyenda kuyambe ndi mphindi 5 kapena 10 mukuitsogolera pamalo osalala. Kukwera kapena kukoka ngolo kudikire mpaka itafika pa nambala 5, zilonda zitapola ndipo ubweya utameranso, ziboda zitawongoka. Ena mwa mahatchi amenewa sadzagwiranso ntchito, ndipo wofuna kuitenga auzidwe zimenezi poyera.

Musanaipereke, pitani mukaone komwe ikupita: madzi, mthunzi, mpanda wopanda waya waminga, hatchi kapena bulu woti izikhala naye, ndiponso ngati mwini watsopano angakwanitse kugula udzu m'chilimwe msipu ukatha. Mabungwe ambiri sagulitsa hatchi yopulumutsidwa. Amaibwereketsa polemberana, kuti zinthu zikavuta athe kuitenganso. Pochoka ipite ndi kope lake, udzu womwe yazolowera wokwanira sabata imodzi kuti kusintha kwa chakudya kuchitike pang'onopang'ono, ndi masiku olembedwa a wodula ziboda, katemera wotsatira ndi ulendo wanu woyamba wokaiona patatha mwezi.